Mitengo Itatu Yaifupi ya Kudimba

Lolemba, 22 Julayi 1957

Kwazizira. Nkhungu sinachoke mpaka dzuwa litafika pamutu. Cholembera ndachigwira lero koyamba chimwalirire mkazi wanga Filomena, ndipo zala zikukana.

A Petulo, achimwene ake a Filomena, anabwera m'mawa. Anakhala pakhonde chipewa chili pabondo, n'kuyamba ndi za chisanu chimene chapsereza kachewere kudambo, za denga la tchalitchi, kenaka n'kufika pa chimene anadzera. Akuti abale akhala pansi ndipo agwirizana kuti mowa wondisudzula ukhale Loweruka la pa 10 Ogasiti. "Si kukuthamangitsani ayi, alamu. Mwatikhalira bwino pamudzi pano. Koma mwambo mukuudziwa." Ndinati ndamva. Ndikanatinso chiyani? Ndinabwera pano ngati mkamwini. Munda ndi wawo, malo a nyumba ndi awo, ndipo amene ankandisunga pano wapita. Ana athu awiri anatsogola kale ali makanda. Ndibwerera kwathu ku Bembeke ndi khasu, mphasa ndi bokosi la mabuku.

Atachoka m'pamene ndinakumbukira kuti za mitengo ya kudimba sitinakambe.

Lachiwiri, 23 Julayi

Ndinatsegula buku. Tsamba lomwelo mpaka madzulo.

Lachinayi, 25 Julayi

Ndinatsikira kudimba. Mapeyala onse ayoyola masamba, angoima mbulanda m'mizere yawo. Mlamu wanga Magadalena, mng'ono wake wa F., anali kuthirira nsawawa zake tsidya la ngalande. Anandikuwira: "Aphunzitsi, sukulu munasiya, lero mwabwera kudzaitana maina a ana anuwa?" Ndinaseka. Kusekako kunandiwawa m'nthiti.

Ndilembe za mitengoyi pano, chifukwa mutu wanga masiku ano ukutaya zinthu.

Zaka ziwiri zapitazo a Bulaza amene ankayang'anira munda wa zipatso ku mishoni anandibwereka magazini a kwawo. Munali nkhani yoti ku Ulaya anthu akuika nthambi za mitengo ya zipatso pansi pa makina a ekisire, a mtundu wa aja ounikira m'thupi mwa munthu. Cheza chake chimalowa m'diso la nthambi, poyambira mphukira paja, n'kusokoneza za m'kati. Maso ambiri amafa. Ena amaphuka opunduka. Koma mwa ambirimbiri, limodzi limatha kutulutsa mtengo wathanzi umene sutalika, wobereka msanga, woti munthu n'kubzala yambiri pamalo ochepa. Tinakambirana nkhaniyi masabata angapo ngati ana opeza chidole.

Popita ku Salisbury kukaonetsa mwendo wawo, a Bulaza ananyamula mtolo wa nthambi za peyala wamkulu wa ku mishoni. Peyala wa kozizira, wa zipatso zamadzi uja, osati wa mafuta. Dokotala mnzawo kumeneko anaziunika, iwo n'kubwera nazo m'chiguduli chonyowa. Tinazimezanitsa awirife pa timatsinde tating'ono. Mwendo sunapole. Anabwerera kwawo, mitengo n'kundisiyira ine.

Malo anapempha ndi F. kwa achimwene ake. Ine pandekha sindikanayerekeza, mkamwini kubzala mitengo panthaka ya eni, anthu amati ukufuna kukhazikika.

Yambiri inafa chaka choyamba chomwecho. Yotsalayo yakula ngati mayi wake, ina yandipitirira kale. Yaifupi ndi itatu. Iwiri ndi yowonda, khungwa losweka, ndikuganiza kuti ndi yodwala basi, cheza chinaipweteka. Koma wachitatu, wa kumapeto pafupi ndi ngalande, ndi wina. Ukundilekeza m'chiuno, thunthu lonenepa, khungwa losalala, ndipo maso ake ndi othinana. Pamene pa inzake pali diso limodzi, pa uwu pali atatu. Anayamba kuuona ndi F. chaka chatha. "Uwu ndi wa msinkhu wanga," anatero. "Ndidzathyola ndili chiimire. Inu ndi makwerero anu muzikagwa nokha." Anang'amba kansalu kumphepete kwa chilundu chake n'kumangapo.

Mtengo sindingaunyamule. Koma nthambi ndingathe. Ndidzadula m'mawa wa tsiku lochoka, kuti zisaume, n'kukazimezanitsa ku Bembeke. Ndicho chokha chimene ndikufuna kutenga pamudzi pano.

Loweruka, 27 Julayi

Ndanola mpeni womezanitsira. Ndasenda luzi. Phula la njuchi lilipo, F. analisunga m'chitini cha tiyi pamwamba pa khoma. Pofikira pamenepo ankakwera pampando.

Lamulungu, 28 Julayi

Misa ku Kasina. Ndinakhala kumbuyo. Nyimbo sindinaimbe, ndinkangotsegula pakamwa.

Pobwerera, azimayi awiri anali patsogolo panga, sanandione. Wina akuti: "Mkazi anamulowetsa m'makina, wafa. Mitengo anailowetsa m'makina, yapinimbira. Inu simukuona?" Mnzake: "Ana asamadye zimenezo." Zipatso zake ziti? Sinachite n'komwe maluwa.

F. anamujambula pachifuwa kamodzi kokha, ku Lilongwe, nthendayo itadya kale. Ndikanatha kuwapeza n'kuwafotokozera. Koma ndinawerengapo zimene cheza cha mtundu wotere chinachita kwa anthu a ku Japan, ndiye sindinganene kuti mantha awo ndi opusa. Ndiponso ndatopa. Kufotokoza ndinafotokoza zaka zonse zija pa bolodi.

Madzulo ndinayesa kwa a Petulo. "Alamu, mitengo ija ya kudimba..." Sanandilole kumaliza. "Musade nkhawa ndi pang'ono pomwe. Ndidzaisamalira ngati yanga." Pomwepo wina anawaitana za chimera cha mowa. Ndinati ndidzanena tsiku lina.

Lachiwiri, 30 Julayi

Lero agawa zovala za F. Azakhali ake ndi Magadalena anayala mphasa, n'kutulutsa zonse. Ine ndinakhala patali pang'ono, monga kuyenera. Juzi yobiriwira yapita kwa azakhali. Ikuwathina m'mapewa.

Atatha, Magadalena anabwera ndi kansalu kaja m'manja, kofumbwa ndi dzuwa. Wakamasula kumtengo. "Pepani alamu, akuluakulu anena. Nsalu ya malemu isamangouluzika ndi mphepo kudimba, anthu akuopa kudutsa potunga madzi." Ndinati palibe kanthu, mtengowo ndikuudziwa ngakhale nditatsinzina.

Lachinayi, 1 Ogasiti, ku Bembeke

Ndabwera kudzaona pokhala. Wapansi mpaka kumsewu, lole mpaka pa Boma, kenaka ina ya matabwa ochokera ku Phiri la Dedza. Utomoni wa paini wandimatira thalauza. M'lolemo anthu ankangokangana za ndale za Chitaganya. Ine ndinagona.

Mlongo wanga Sibongile sanasinthe. Sindinakhale n'komwe pansi: "Achimwene, mwaonda ngati ndodo. Mukanalowola ngati Mngoni weniweni, bwenzi mkazi atagona pano, inu muli pakhomo panu, palibe wokuwerengerani masiku." Ndinamukumbutsa kuti bambo athu analibe ng'ombe ngakhale imodzi. Anati, "Analibe chifukwa ankagula mabuku a inu." Kenaka analira, n'kundiwotchera mbatata.

Wandikonzera kanyumba ka mwana wake amene ali ku Joni. Denga likudontha mbali imodzi.

Lachisanu, 2 Ogasiti

Kuseri kwa bwinja la bambo, peyala wakale uja akadalipo, ndipo pansi pake paphuka timitengo tingapo tonenepa ngati chala. Matsinde omezanitsapo ndapeza. Ndinalimira mozungulira, ndinathirira. Aka n'koyamba kugwira khasu ndi mtima wofuna.

Sibongile akuti, "Munthu wabwera wopanda bulangete lachiwiri, akusamala tchire."

Loweruka, 3 Ogasiti

Ndabwerera.

Sindikudziwa poyambira. Ndisanalowe n'komwe m'nyumba, a Petulo anandichingamira panjira, nkhope yowala. "Alamu, ikani katundu, tiyeni mukaone." Anandigwira dzanja ngati mwana mpaka kudimba.

Alima ponseponse. Udzu palibe ngakhale umodzi. Mtengo uliwonse aukumbira beseni, athira manyowa a m'khola lawo, aphimbira ndi mapesi. Ntchito ya tsiku lathunthu, munthu wamkulu ngati iwowo, msana wawo wovuta uja. Sindinaonepo dimba lathu litakongola chonchi.

Kumapeto, pafupi ndi ngalande, pali dothi latsopano losalazidwa bwino. Malo atatu.

"Yodwala ija ndazula, ingapatsire inzake. Anthunso ayambe kudutsa momasuka. Ndati muchoke mtima uli pansi, mudziwe kuti mitengo yanu yatsala m'manja." Anandiyang'ana, kudikira.

Ndinawathokoza. Ndinawomba m'manja, ndinati mwagwira ntchito yaikulu, alamu, Mulungu akudalitseni. Mawu anatuluka okha. Ndinafunsa kuti yozulayo ili kuti. Akuti, "Azimayi atola. Nkhuni zikusowa ndi mowawu."

Pokwera kumudzi, utsi unali tolo kuseri kwa nyumba ya azakhali, kumene akuphika mowa wanga.

Lamulungu, 4 Ogasiti

Sindinapite ku Misa.

Lolemba, 5 Ogasiti

Ndalongedza mabuku. Magazini aja a a Bulaza ndawaika pansi penipeni.

Sindikuwakwiyira a Petulo. Ndayesa, mkwiyo sukubwera. Mlimi aliyense amazula chofooka n'kusiya champhamvu, ndi mmene amachitira ndi chimanga, ndi mmene anatiphunzitsira alangizi. Ndani akanaganiza kuti pali munthu wosamala mitengo yonse ija chifukwa cha wopinimbira? Zaka ziwiri ndinkauza a Bulaza, ndinkauza F., ndinkauza kope ili. Mwini nthaka sindinamuuze.

Mwina sukanabereka n'komwe. Mwina zipatso zake zikanakhala zowawa. M'magazini muja analemba kuti yambiri yotere imakhumudwitsa pamapeto pake. Ndakhala ndikudziuza zimenezi tsiku lonse, ndipo sizikugwira.

Chakudya anabweretsa Magadalena. Ndinadya pang'ono kuti asadandaule.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Magadalena pobwera kudzatenga mbale sanachoke. Anakhala pakhomo, miyendo atatambasula.

"Alamu, kudimba mwasiya bwanji? Achimwene akuti mwina simunakondwe ndi manyowa awo."

Ndinati manyowa ndi abwino.

"Nanga?"

Ndinamuuza. Zonse, kuyambira ku Salisbury. Ndinayankhula nthawi yaitali kuposa mmene ndayankhulira chichitikire maliro. Ndinanenanso za msinkhu zija, mawu a mkulu wake. Iye ankangozunguza mbale pabondo.

Kenaka: "Ndiye kuti wopunduka uja ndiye anali mwana wapamtima?"

Ndinati eya.

"Ndipo ine ndiye ndinachotsa kansalu."

Ndinati si mlandu wake. Anaimirira, n'kufunsa ngati nthambi yodulidwa imafa tsiku lomwelo. Ndinati ayi, nyengo yozizira ino ikhoza kukhala masiku ndithu, ikakhala ponyowa. Koma ya pamoto ndi ya pamoto. Anati "Hmm," n'kumapita. Mbale anaiwala.

Lachitatu, 7 Ogasiti

M'mamawa, nkhungu ili mbuu, Magadalena pakhomo: "Aphunzitsi, valani jekete. Mukaone nsawawa zanga."

Ndinati sindili bwino. Anati nsawawazo sizili bwinonso, tikadwalire limodzi.

Tinawoloka ngalande. Nsawawa zake zayamba kuyanga, ndipo wazizikira timitengo m'mizere yonse. Anaima n'kuloza ndi chibwano. "Mizu ndi zithunthu zinapita kumowa, zimenezo iwalani. Koma nthambi ndinasadza ine. Azakhali ankati usagwire za m'makina, ine ndinati nsawawa sizidziwa makina. Dzulo sindinanene, ndinkaopa kukupatsani chiyembekezo chabodza. Ndazithirira usiku ndi m'mawa, nsawawa zikudabwa."

Ndinagwada m'matope. Timitengo ta mitundumitundu, ta bulugamu, ta pichesi, ta m'tchire. Ndinayenda ndi maondo mzere ndi mzere, kugwira kalikonse. Ta peyala ndinatipeza mumzere wachitatu ndi wachinayi. Tina towonda, tosweka khungwa, ta iwiri yodwala ija. Tina tonenepa, maso othinana. Ndinakanda khungwa ndi chikhadabo. Pansi pake pakadali pobiriwira, ponyowa.

Tina sindikutha kusiyanitsa. Nsonga ya nthambi yodwala ndi nsonga ya wathanzi zimafanana zikachoka pa mayi wake. Ndatenga tonse.

Pomasula nsawawa ndinathyola zingapo. Magadalena akuti ndimulipira ndi peyala woyamba, ndipo asadzamve kuti ndadya ndekha ku Bembeke. Ndinamudulira timitengo tina m'tchire, tinazika limodzi.

Nthambi ndazikulunga m'chiguduli chonyowa, ndazikwirira pamthunzi. Koma zakhala kale masiku zili zodulidwa. Kudikira nazo zonse mpaka Lolemba ndi kutchova njuga. Zina ziyenera kulowa pamtengo mawa, konkuno. Ndipo matsinde amene alipo ndi mitengo italiitali ija, imene a Petulo aithira manyowa.



Lachinayi, 8 Ogasiti

Ndinati ndipite kwa a Petulo kukapempha, koma anandiyambirira. Magadalena anawauza dzulo. Anandipeza ndikufukula chiguduli. Moni sanapereke.

"Alamu, n'zoona zimene ndamvazi?"

Ndinati n'zoona.

"Ndiye tsiku lija munandithokoza?"

"Munali mutagwira ntchito tsiku lonse."

"Munawomba m'manja!"

"Eya."

Anavula chipewa, anachiyang'ana m'kati, anachivalanso. "Aa. Inu ndinu munthu wovuta kuposa wolalata. Wolalata umadziwa pamene waponda. Zaka zonsezi pamudzi pano, simunandikanizepo kanthu, ine n'kumati tikumvana."

Ndinangowaonetsa nthambi ziwiri, ya wautali ndi ya wamfupi, kuti aone maso. Anaziyandikiza kumaso, anayendetsa chala. "Ndiye ubwino wake ndi kufupikako?" Ndinati ndi umenewo, ngati udzabereke. Ndinawauzanso kuti sindingalonjeze, ndipo tina mwa timitengoti ndi todwaladi. Anafunsa ngati chezacho chikadali m'kati, ngati chingalowe mwa mwana akadya chipatso. Ndinati monga ndinawerengera, chimadutsa n'kupita, sichitsalira, ngati mmene dzuwa silitsalira m'chimanga choyanika. Anati, "Monga munawerengera." Ndinati eya, pamenepo ndiye polekezera nzeru zanga.

Kenaka ndinanena chovuta chija, kuti ndikufuna kudula mitu ya mitengo ina yabwinoyo, ndiikepo izi.

Anayang'ana mizere yawo yokongola.

"Kudula yathanzi kuti muikepo yopunduka."

"Eya."

"Anthu adzati Petulo wapenga pamodzi ndi mlamu wake." Anapita kumtengo wautali kuposa yonse, wa pakati, anaugwira. "Yambani ndi uwu. Ukunyada."

Sowo anagwira ndi iwo. Ine ndinkang'amba tsinde, kusema nthambi mbali ziwiri ngati nkhwangwa, kulowetsa kuti khungwa likumane ndi khungwa. Iwo ankamanga luzi. Poyamba ankamanga ngati akumanga mtolo wa nkhuni, ndinawauza kuti achepetse. Anati, "Tsopano mwayamba kunena." Magadalena anasungunula phula m'chigoba n'kumatimatira pamabala, akutinyoza tonse awiri.

Tamezanitsa isanu ndi umodzi. Mitu yodulayo a Petulo anaikokera okha kumowa. Ndinamva azakhali akufunsa, iwo n'kuyankha kuti, "Phikani, musafunse."

Msana ukuwawa. Ndadya mbale yonse.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Sibongile wafika ndi ankhoswe a kwathu. Waona mitengo yodulidwa mitu, wati, "Kuno mukudwala nonse."

Ndanyowetsanso chiguduli cha zotsala.

Loweruka, 10 Ogasiti

Andisudzula.

Anthu anadza ambiri. Ankhoswe a mbali zonse anayankhula, a kuno anati ndinasunga mwana wawo bwino mpaka tsiku lomaliza, alibe nane chifukwa, ndine womasuka kupita ndi kukayamba moyo wina. A kwathu anathokoza. Ine ndinayang'ana pansi. Mawu akuti womasuka ndinawamva ngati akunena munthu wina.

Mowa ndinalawa pang'ono, mwaulemu.

Madzulo ndinapita kumanda ndekha. Sindinanene zambiri. Ndinamuuza kuti juzi yake ikuwathina azakhali.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Misa yomaliza ku Kasina. Nyumba yanga yayera, mawu akumveka m'makoma. Mpando ndasiyira Magadalena.

Ndinatsikira kudimba kukaona. Palibe chosintha, ndipo sipangakhale chosintha mpaka kutafunda. Timitengo tangokhala m'phula mwake. Kaya tagwira, kaya tafa, sitinena.

Lolemba, 12 Ogasiti, pamsewu

Ndikulemba kope lili pabondo, tikudikira lole. Sibongile wakhalira bokosi la mabuku, akuti ndi ntchito yokhayo imene mabukuwa agwirapo.

A Petulo anatiperekeza. Khasu ndi mphasa ananyamula ena, iwo anasankha chiguduli. Njira yonse anachigwira ndi manja awiri, madzi akuwadonthera pa thalauza. Pamtsinje anaima n'kuchiviikanso osauzidwa.

Tili pano anayamba mafunso. Luzi lidzachoke liti? Ndinati mphukira zikatalika ngati chikhatho, mwina mu Okutobala, lisanayambe kudya khungwa. Nanga zophuka pansi pa bala? Ndinati zimenezo n'za mtengo wakale, muzibudula zonse, ngakhale zikuoneka zamphamvu. Anabwereza okha, "Ngakhale zikuoneka zamphamvu." Kenaka anapukusa mutu.

"Ayi, alamu. Manja angawa ndi a khasu, mwawaona kale ntchito yake. Kubudula ndibudula, koma luzi mudzamasule nokha. Mphasa ilipo kwathu."

Sibongile anati munthu wosudzulidwa sabwererabwerera, anthu adzanena. A Petulo anati, "Adzanena kwa ine."

Ndinati ndidzabwera.

Kenaka kumusi, cha kumudzi, kunamveka mbuzi. A Petulo anatukula mutu. "Zimadya zimenezi?" Ndinati zimayamba ndi luzi, kenaka khungwa. Anaimirira. "Azitsegulira kale, ndipo mpanda sindinamange." Anandipatsa chiguduli, anandigwira dzanja mwachangu, osayang'ana n'komwe kumaso.

Lole sinabwere. Ndikuwaona akutsetsereka njira ya kudimba, dzanja limodzi lili pamsana, lina lagwira chipewa. Akuthamanga.